Tiyanjane ndi Mnofu Wogula

Kwa Nachisale ku Chiosya kunakula ana awiri okha, Keziya ndi mng'ono wake Tiyanjane, ndipo mlendo akanalumbira kuti sanatuluke m'mimba imodzi.

Keziya anabadwa nalo thupi. Ku sikelo anamwino ankachita kukodolana kuti adzaone mwana, mzere wa pakhadi ukungokwera, mayi ake n'kupatsidwa sopo pamaso pa azimayi onse, eti ndiwo odziwa kulera. Koma mwanayo sankakhuta. Adye zake, adye za mnzake, anyambite mbale, maso adakali pa dzanja la munthu wina. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri nthyole zinali zitathera pamsana pake chifukwa cha mtedza wambewu, umene ankaboola thumba n'kumatafuna wauwisi. Azakhali ake ankati ali ndi njoka m'mimba. Anamumwetsa mizu yonse yowawa ya kudambo, mwana n'kusanza, n'kupukuta pakamwa, n'kufunsa ngati mbatata yapsa. Omwe ankamuombera m'manja ali khanda ndi omwewo anadzamupatsa dzina loti Chimeza. Anthu ndi otero.

Tiyanjane anabwera patapita zaka zitatu, kamunthu ngati bango. Iyeyu ankangotsina kawiri katatu n'kukankhira mbale kwa mkulu wake, ndiye ubale wawo unalimbira pomwepo. Keziya akakwapulidwa, Tiyanjane ankamubisira chimanga chowotcha m'nsalu.

Atakula, Tiyanjane anakwatiwa ndi Rodrick, mnyamata wa ku boda amene ankathamanga ndi mapepala a magalimoto akuluakulu olowa ndi kutuluka ku Zambia. Anasamukira komweko. Mkaziyo anamanga chisakasa pafupi ndi poima magalimoto, n'kumaphika mpunga ndi nkhuku yalokolo, thobwa ali m'chigubu pambali. Dzanja lake linali labwino, zimenezo ngakhale omunena sanatsutse. Anabereka mwana mmodzi yekha, Ivy. Keziya naye banja lake litatha, mwamuna atatopa n'kudikira mwana wosabwera, anatsatira mng'ono wake. Mawondo anali atayamba kale kumukana, ndiye ntchito yake inali yokhala pansi: kusankha mpunga, kusosola nkhuku, kutsuka mbale. Madalaivala ankati chisakasa chimenecho sichifunika chikwangwani, chikwangwani ndi Keziya, munthu ukangomuona umadziwa kuti pano chakudya chimagwira thupi. Keziya ankaseka nawo. Nanga akanatani?

Zaka zinayenda choncho mpaka Rodrick anayamba kutsamwa. Poyamba inali nyama, kenako mpunga, pamapeto ngakhale phala linkabwerera. Ku Lilongwe anati ndi khansa ya kummero, yachedwa. Anatha miyezi isanu ndi itatu akusungunuka pamphasa, ndipo tsiku lomusambitsa anthu awiri okha anamunyamula ngati mtolo wa mapesi. Tsono ku boda mwamuna woyenda pakati pa madalaivala akafa ali mafupa okhaokha, anthu safunsa dokotala. Amakhala ataweruza kale.

Tiyanjane, amene anali wochepa n'kale, matendawo anamudya nayenso. Miyezi yonseyo ankatafuna chiyani, mwamuna akumuyang'ana ndi maso a njala? Atameta maliro n'kutsegulanso chisakasa, chitenje chinkamuzungulira kawiri, mafupa a pakhosi ali poyera moti ukanathiramo madzi. Anaona yekha kuti mabenchi akukhala opanda anthu. Kumjigo azimayi anayamba ulemu wachilendo, kumupatsa mpata kuti atunge msanga, amake Ivy musaime nthawi yaitali, mungagwe. Ulemu wotere ndi wolasa kuposa chitonzo.

Anakayezetsa magazi katatu konse, katatu konse anamuuza kuti alibe kachilombo. Pepala analipinda n'kuliika m'buku la nyimbo. Koma pepala sungalimate pachipumi. Anthu a kuno sawerenga pepala, amawerenga masaya ndi mikono. Ndipo onenawo, ena mwa iwo ndi omwe amawoloka mwakachetechete kukatengera mankhwala awo kutsidya ku Zambia kuti asaonedwe, ali bwinobwino, akulima, akubereka, matendawo sakuphanso munthu ngati kale. Koma pakamwa pawo mankhwala ake sanapezeke.

Zonsezo Tiyanjane akanapirira pakanapanda Ivy. Mtsikanayo ankaphunzira utelala ku Boma, ndipo anafunsiridwa ndi Aubrey, mphunzitsi, mwana wa ku Chiosya komwe. Mayi a mnyamatayo, a Stelia, anakwera njinga yakabaza kudzaona kumene mwana wawo wagwera. Tiyanjane anasesa, anapha nkhuku, anatsanulira mlendo thobwa m'kapu yagalasi ija ya alendo. A Stelia anaigwira kapuyo ndi manja awiri mwaulemu, anaiika pansi, nati angodya kumene. Maso awo sanachoke pa mafupa a pakhosi aja. Patapita sabata uthenga unabwera woti chinkhoswe chiyambe chadikira fodya agulitsidwe. Fodya anagulitsidwa. Ndiye akuti tiyambe taona mvula.

Ivy ndiye anadzaulula akulira kuseri kwa chisakasa, kuti apongozi akewo akuti mwana wawo sangakalowe m'nyumba imene ikutha. Tiyanjane anatulutsa pepala lija, nati kawaonetse. Linabwerako lili lopindidwa momwemo. A Stelia akuti anaseka, nati ku boda kumene galimoto yakuba imalowa m'mawa n'kutuluka masana ili ndi mapepala, pepala la magazi lingavute?

Kuyambira tsiku limenelo Tiyanjane anali ndi chinthu chimodzi m'mutu: anthu aleke kumuwerengera masiku, mwana wake alowe m'banja. Anayesa kudya. Ankadzikakamiza mapeyala, chiponde, mafuta a nkhuku, koma mimba yake inali ija ya ubwana, kutsina kawiri yatseka.

Apa m'pamene analowerapo Luwiza, mayi wogulitsa zitenje za ku Chipata, amene pansi pa zitenjezo ankanyamulanso zina. Anamukokera pambali n'kumuonetsa timapiritsi toyera m'kapepala ka pulasitiki komangira shuga wa paokala, topanda dzina, topanda bokosi. Anati kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, mwezi usanathe anthu adzakufunsa kuti wakwatiwanso ndi ndani. Anatchula ndi mayina a azimayi a pamsika amene anawakonza iye.

Keziya anatiwona timapiritsito tsiku lomwelo, poti m'chisakasa mulibe chobisika.

"Iwe Tiya, thupi ili likanakhala diresi ndikanakuvulira pompano, ulere. Ukuligula? Chinthu chimene ine chandilanda mwamuna, chandilanda mawondo?"

"Inu achemwali munapatsidwa osapempha, n'chifukwa chake mukuchinyoza. Inu alipo anakanapo thobwa wanu?"

Keziya anabwerera ku mbale zake.

Mapiritsi anagwira, bodza ayi. Sabata ziwiri zisanathe Tiyanjane anamva chinthu chimene anali asanachimvepo chibadwire, njala yosamva chakudya. Amati akadya, m'mimba muli tho, koma m'mutu mukuitanabe. Tsiku lina anadzipeza akukokota mkute wa makasitomala ataimirira, ndipo atatembenuka anaona mkulu wake akumuyang'ana. Anamufunsa ngati kwa iye ndi mmene zimakhalira. Keziya anati inde, tsiku lililonse, kuyambira ndisanadziwe dzina langa.

Nkhope inadzaza, inakhala ngati lichero. Mafupa a pakhosi anakwiririka, kumbuyo kwa khosi kunamera linunda, mimba inatsogola. Miyendo yokha ndi imene inatsala yowonda, koma chitenje chimabisa. Madalaivala anabwerera, mayi mwayamba kudya za ndani, tiuzeni tikamuthokoze. Kumjigo analeka kumupatsa mpata, anayambanso kukankhana naye ndowa, ndipo iye anabwera kunyumba akumwetulira chifukwa chotukwanidwa. A Stelia anabweranso, anamwa makapu awiri a thobwa, napempha wina wa m'botolo. Chinkhoswe anachiika mu Ogasiti wa chaka chotsatira, anthu akakolola.

Walira mvula walira matope. Tiyanjane anayesapo kuleka masiku awiri, thupi linangoti lefu ngati nsalu yonyowa, ndiye anayambiranso. Chaka chinatha akumwa. Ludzu linayamba, kumwa madzi ngati ng'ombe, kuthengo osawerenga. Pamimba panatuluka mizere yofiirira ngati wakwapulidwa. Kudzuka pampando mpaka agwire bondo. Kenako mafuta otentha anamudonthera pamsongolo, kabala kochepa ngati njere ya chimanga, koma mwezi unatha kakungokula, ntchentche zikumutsata.

Keziya ndiye anakalipa mpaka anakwera minibasi onse awiri, kondakitala akudandaula kuti awiriwa adya mpando wa anthu anayi. Kuchipatala cha ku Boma anapeza namwino wina dzina lake Gladys, wa kumpoto, Chichewa chake chokoka. Anangoyang'ana nkhope, linunda, miyendo, nati mayi tulutsani zimene mukumwa. Tiyanjane anakana kawiri, kachitatu Keziya anamulanda chikwama.

Namwinoyo sanakalipe. Anati shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo zonsezo ndi timapiritsi timeneti, amene ndi mankhwala enieni a matenda ena, osati a kunenepa. Ndiye anafotokoza mofatsa, ngati akuuza ana. Anati m'mutu mwa munthu, pansi pa ubongo, muli kanthu kochepa ngati nzama, kamene kamatuma uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Timeneto timathira m'magazi madzi ake olimbitsa thupi, oti munthu adzuke, magazi ayende, akadwala apirire. Mapiritsiwa ndi madzi omwewo, koma ochuluka mopyola. Ka m'mutu kaja kakaona kuti madzi adzaza, kamaleka kutuma, tiziwalo tija n'kugona.

"Kwanu munali ndi chitsime musanalandire mjigo?" anafunsa.

Tiyanjane anati chinalipo, kudambo.

"Lero chili bwanji?"

"Chinakwiririka. Atungamo ndani?"

"Tsono mjigo ukathyoka lero, mumwa kuti? Chitsime chanu cha m'thupi chakwiririka, mayi. Tichifukula pang'onopang'ono. Mukangoleka mapiritsi tsiku limodzi, mulibe mjigo, mulibe chitsime. Anthu amafa nazo zimenezi."

Keziya, ali pabenchi, anafunsa ngati nayenso chitsime chake chinakwiririka. Namwino anamufunsa kuti thupilo linayamba liti, ndipo atamva za ku sikelo ndi za mtedza wambewu, anati ayi, kunenepa si kumodzi. Kwa mng'ono wanuyu kwabwera ukulu, kwachita kulowetsedwa, kungathe kubwerera. Kwanu mwina munabadwa nako. Mimba ndi mafuta a m'thupi zimatumiza mawu kumutu kuti takhuta, basi, koma alipo ana ena amene mutu wawo mawuwo suwamva bwino, ndiye amakhala ndi njala yeniyeni ngakhale adye. Anati popanda kuyeza sangalumbire, koma mwana wa zaka ziwiri sakhala wadyera, ndipo njoka m'mimba munalibe. Keziya anali ndi zaka makumi asanu. Anayang'ana kukhoma, misozi ikungotsika yokha, poti amene anamukwapula onse anali kumanda, panalibe wokamuuza.

Tiyanjane anamumanga bala, anamupatsa mankhwala a shuga, ndi timapaketi ta mapiritsi oyera, paketi iliyonse ya sabata yake, mlingo ukunka nuchepa. Anamuuza kuti akayamba kusanza kapena kufooka athamange naye msanga. Iye funso lake linali limodzi, ngati nkhope ibwerere mwakale. Namwino anati pang'onopang'ono ibwerera.

M'zonse zimene zinanenedwa m'chipindamo, Tiyanjane anatola mawu amenewo okha. Chinkhoswe chinali chitatsala sabata zisanu ndi ziwiri. Anaona m'maganizo a Stelia atakhala kutsogolo, akuyang'ana masaya akuphwa, akunong'oneza wa pambali kuti mwaona, zija zayambanso. Timapaketi ta kuchipatala anatiika m'chikwama cha kutchalitchi, pamodzi ndi pepala lija, n'kupitiriza ta Luwiza, nawonjezera kachitatu masana. Keziya analankhula mpaka mawu anasasa. Mng'ono wake anangoti chinkhoswe chikadutsa, achemwali, ndikulonjeza, tsiku lotsatira lomwe.

Chinkhoswe chinachitika, ndipo chinali chokoma, zimenezo tisanamizane. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, Ivy atawerama, akumwetulira. Tiyanjane anavina bandeji ili pansi pa chitenje, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ngati yopaka mafuta. A Stelia anamukumbatira pakati pa bwalo, nati asewere anga, anthu ndi oipa, ife tinkamva zabodza. Eti anthu. Ngati kapu ija anaiika pansi ndi munthu wina.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi kwawo kunabwera mlaliki woyendayenda, ndipo linali tsiku lotentha zithumwa. Amakoleza moto panja, aliyense amene ali ndi chomumanga amabwera nacho, wina chithumwa cha m'chiuno, wina kanyanga ka bizinesi, wina botolo la kachasu, n'kuponya pamoto anthu akuimba. Tiyanjane mtima wake unali wodzaza. Mulungu anali atamuchotsera chitonzo, mwana wake walandiridwa, ndiye anafuna kubwera pamaso pake ali woyera. Za chitsime zija sanaiwale, koma anaziyeza ndi nzeru imene tonse tinakulira: choipa sasiya pang'onopang'ono. Chidakwa chimalapa ndi theka la botolo? Wakuba amati ndiziba nkhuku yokha mpaka ndizolowere? Anatsegula chikwama, anayang'ana ta Luwiza, anayang'ana ta kuchipatala, tonse toyera, tonse tofanana, namwino yemwe ananena kuti ndi mankhwala amodzi. Anaponya tonse. Azimayi analuluta, osadziwa n'komwe kuti n'chiyani chapsa.

Keziya kunalibe, tchalitchicho chili pamtunda ndipo mawondo ake analeka kalekale kukwerako. Atafunsa madzulo ake, mng'ono wake anati wayamba ta kuchipatala, monga analonjezera.

Lachiwiri anadzuka wolefuka, anthu anati n'kutopa kwa chinkhoswe. Lachitatu mutu ndi msana. Lachinayi anayamba kusanza, anati ndi malungo, anagula mankhwala a malungo paokala. Keziya anafuna kuona paketi ya sabata imeneyo, iye anati ili kunyumba. Lachisanu masana akupeta mpunga anangokhala pansi mwadzidzidzi, lichero n'kugubuduka, mpunga mbwee pafumbi. Manja ali zii ngati mwala wa kumtsinje.

Keziya anakwawa ndi mawondo akewo mpaka anamufika, namuika mutu pamiyendo.

"Tiya, mapaketi aja ali kuti? Usandinamize."

"Ndinapereka kwa Mulungu, achemwali. Onse."

Dalaivala wina amene ankadya pomwepo anathamanga kukafuna galimoto yaing'ono. Podikira, Tiyanjane anakoka nsalu ya mkulu wake, mawu akutuluka ngati a mwana.

"Asewere asamve za mapiritsi. Ivy yemwe asamve. Muzingoti shuga."

Msewu wa ku Boma si wautali, koma unamutalikira. Anafika naye akupuma mwa apo ndi apo, ndipo dzuwa lisanalowe anali atapita. Gladys anatuluka, anamuona Keziya pabenchi lomwe lija, nakhala naye pambali.

Kalipentala anachita kuwonjezera thabwa m'mbali mwa bokosi. Amuna asanu ndi mmodzi ankasinthana akubuula panjira ya kumanda. Ndipo kusiwa, pakati pa nyimbo, azimayi ankanong'onezana kuti munthu wathupi lake chonchi, zija tinkamva zija zinali zabodza ndithu, ndi shuga ameneyu, matenda a anthu odya bwino. A Stelia ndiwo ankanena mokweza kuposa onse. Chimene Tiyanjane anachifuna anachipeza chonse, palibe anamunenanso. Anangosowa makutu oti amvere.

Ukwati unachitika chaka chomwecho. Keziya anasunga chisakasa ndi mawu a mng'ono wake, koma dzanja lake si lija, mabenchi anayamba kuchepa anthu. Luwiza amadutsabe ndi zitenje zake, amapereka moni, Keziya amayang'ana kumbali.

Chaka chatha Ivy anabwera kuchokera ku Chiosya ndi mwana kumsana. Magazi sanama, mtsikanayo ndi bango ngati mayi ake, ndipo kuyamwitsa kunamumaliza. Anakhala pabenchi, anatsina mpunga kawiri n'kukankhira mbale kwa Keziya. Anati apongozi ayamba kufunsa ngati akudwala, akuti anthu kumudzi akunena kuti Aubrey sakumudyetsa, ena akunena zina. Ndiye anafunsa, maso ali pansi, ngati mayi aja a zitenje amabwerabe.

Keziya anayang'ana mafupa a pakhosi pa mwanayo nthawi yaitali. Kenako anaphwanya lonjezo. Anamuuza zonse, za kapu ya thobwa, za timapiritsi, za chitsime ndi mjigo, za moto wa kutchalitchi, mpaka mawu omaliza aja. Ivy anamvetsera osaphethira, akugwedeza mwana. Analira pang'ono, anapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndamva, amayi aakulu," anatero. "Koma chinkhoswe chija chikanachitika?"

Ivy anamanga mwana kumsana, nati akufuna akaone nsalu pamsika asanakwere. Keziya anamuitana kawiri, anayesa kudzuka, mawondo anakana. Anatsala pamenepo, mbale ya mpunga ili pamiyendo, akuyang'ana kamsana kowondako kakulowa pakati pa magalimoto.